Malangizo kwa Achinyamata pa Luso Lolemba Mwachangu

Ntchito yokonza nkhani, mauthenga otsatsa malonda, mawu owerengedwa m'mavidiyo ndi zina zotero zimene anthu amaziona pa Facebook, YouTube ndi TikTok kapena kuzimva pa wailesi yasanduka njira yopezera ndalama kwa achinyamata ambiri, ndipo aliyense amene wailowa amazindikira msanga kuti omupatsa ntchito ngakhalenso omutsatira safuna zabwino zokha, koma zabwino zobwera kawirikawiri ndiponso pa nthawi yake. N'chifukwa chake funso limene achinyamatawa amakonda kufunsa anthu amene adakhalitsa pa ntchito yolemba limakhala la mmene munthu angalembere mwachangu, ndipo pofunsapo amayembekezera kumva dzina la pulogalamu ya pakompyuta kapena njira yophunzitsira zala kuthamanga. Yankho la akuluakulu silikoma m'khutu poyamba, pakuti limanena kuti zala si zimene zimachedwetsa wolemba. Chimene chimamuchedwetsa ndi kukhala pansi kuti alembe asanadziwe chimene akufuna kunena, komanso kuyesa kugwira ntchito zingapo zosiyana pa nthawi imodzi.

Masamu ake ndi osavuta. Akatswiri a payunivesite ya Aalto ku Finland pamodzi ndi anzawo a ku Cambridge adafalitsa m'chaka cha 2018 zotsatira za kafukufuku wa anthu pafupifupi 168,000 olemba pa kiyibodi ya kompyuta, ndipo adapeza kuti munthu wapakatikati amalemba mawu 52 pa mphindi imodzi. Chaka chotsatira, atayesa anthu pafupifupi 37,000 olemba pa foni, adapeza mawu 36 pa mphindi. M'mayeso oterewa zilembo zisanu zilizonse zimawerengedwa ngati liwu limodzi, kotero kuti wolemba Chichewa, amene mawu ake amakhala aatali chifukwa liwu limodzi limanyamula mwini ntchito, nthawi ndi wochitiridwa, ayenera kutsitsako chiwerengerocho. Ngakhale atachitsitsa ndi theka, nkhani ya mawu 800 ingamutengere mphindi zosakwana 50 pa foni wamba. Koma wachinyamata yemweyo amatha tsiku lathunthu pa nkhani yotere, ndipo nthawi zina amagona isanathe. Choncho maola asanu kapena asanu ndi limodzi amene asowawo sadathere pa kusindikiza zilembo, ndipo amene akufuna kuwapezanso ayenera kuyang'ana kwina.

Akatswiri awiri a ku America, Linda Flower ndi John Hayes, adapempha olemba kuti aziyankhula mokweza zonse zimene akuganiza pamene akulemba, ndipo m'chaka cha 1981 adafotokoza kuti kulemba kuli ndi ntchito zikuluzikulu zitatu, zomwe ndi kukonza maganizo, kusandutsa maganizowo kukhala ziganizo, ndi kuwerenganso zolembedwa pofuna kuzikonza. Iwo adaona kuti wolemba amadumphadumpha pakati pa ntchito zitatuzi, ndipo iliyonse imafuna gawo lake la nzeru. Wolemba wozolowera amakwanitsa kudumphako popanda kugwa, koma woyamba kumene amalemba chiganizo chimodzi, n'kuchifufuta chifukwa sichikumveka bwino, n'kukumbukira kuti sakudziwa chiwerengero chimene amafuna kutchula, n'kutsegula intaneti kukachifufuza, ndipo pobwerera amapeza kuti waiwala kumene nkhani inkalowera. Langizo lalikulu kwa munthu wotere, limene malangizo ena onse amatsamira, ndi lakuti azilekanitse ntchitozi, iliyonse ikhale ndi nthawi yakeyake. Mayi wodziwa kuphika sathamangira kuchigayo madzi atawira kale pamoto. Ufa, nkhuni, mthiko ndi ndiwo zimakhala zili pafupi asanatereke mphika, ndipo n'chifukwa chake kuvundula kwenikweniko sikumutengera nthawi.

Kukonza maganizo kumayamba ndi chiganizo chimodzi chonena chimene wowerenga kapena womvera ayenera kutsala nacho m'mutu, ndipo chiganizocho chiyenera kulembedwa ndithu papepala, osati kungochisunga mumtima, pakuti maganizo amene ali m'mutu amaoneka omveka mpaka pamene munthu ayesa kuwalemba. Tingoyerekeza wachinyamata amene sitolo yogulitsa zipangizo za ulimi yamupempha kuti alembe mawu a vidiyo ya mphindi zitatu yonena za kasungidwe ka chimanga. Akangolemba mutu wakuti kasungidwe ka chimanga n'kuyamba, adzasochera, chifukwa mutuwo ndi waukulu moti ungadzaze buku: muli nkhokwe, mankhwala, makoswe, chuku, mitengo ya pamsika ndi njala ya mwezi wa Febuluwale. Koma akalemba kuti mlimi amene wakolola matumba khumi sadzataya chimanga chake ngati chauma bwino chisanalowe m'thumba losalowa mpweya, ndiye kuti ntchito yake yafupika ndi theka, chifukwa chiganizocho chamuuza amene akuyankhula naye, chamuuza chimene ayenera kutsimikizira, ndipo chamuuzanso zimene ayenera kusiya kunja. Pansi pake amalemba mfundo zinayi m'mawu ochepa: mmene mlimi angadziwire kuti chimanga chauma, kaya poluma njere n'kumva kuti yalira kapena poika njere ndi mchere wouma m'botolo n'kuona ngati mcherewo ukumatirira m'mbali, kuti chinyontho chisapitirire pafupifupi 13 peresenti, mmene anankafumbwe amafera m'thumba lotere mpweya wabwino ukatha, ndi kulakwa kotsegulatsegula thumba kapena kulisiya pamene makoswe angaliboole. Zonsezi zimatenga mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, ndipo wachinyamata wopupuluma amaziona ngati kutaya nthawi, pamene kwenikweni ndi pamenepa pamene liwiro limagulidwa.

Dongosolo lotere siliyenera kukhala lalitali, ndipo chitsanzo cha Georges Simenon, mlembi wa ku Belgium amene adalemba mabuku 75 onena za wapolisi wofufuza milandu dzina lake Maigret kuwonjezera pa mabuku ena ambirimbiri, chikuonetsa zimenezi. Simenon ankamaliza buku lathunthu m'masiku pafupifupi 11, mutu umodzi tsiku lililonse, ndipo asanayambe ankatenga envulopu yaikulu n'kulemba kumbuyo kwake maina a anthu a m'nkhaniyo, zaka zawo, achibale awo ndi malo amene ankakhala, mainawo atawasankha m'mabuku a manambala a telefoni. Iye ankanena kuti mathero a nkhani sankawadziwa poyamba; chimene ankachidziwa bwino ndi anthu ndi malo, kotero kuti pakati pa chiganizo sankaima kuti aganizire dzina la munthu kapena la msewu. Tiyenera kuonjezerapo kuti kalembedwe kameneka kankamutopetsa kwambiri moti dokotala ankamupima asanayambe ndiponso atamaliza, ndipo palibe amene angalangize wachinyamata kuti adzitsekere m'chipinda masiku 11; chotengapo ndi envulopu ija, ndiko kuti, kuthetseratu tizisankho ting'onoting'ono timene timapunthwitsa dzanja.

Chimene chimachedwetsanso opanga nkhani za tsiku ndi tsiku ndi kusowa chonena, ndipo vutoli silithetsedwa pa tsiku lolemba koma masiku onse otsogolera. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku Germany, Niklas Luhmann, amene adaphunzitsa pa yunivesite ya Bielefeld ndipo adamwalira m'chaka cha 1998, adasiya timapepala pafupifupi 90,000 m'mabokosi, kalikonse kali ndi ganizo limodzi ndi nambala yolozera ku timapepala tina togwirizana nako, ndipo kuchokera m'mabokosiwo mudatuluka mabuku ambiri ndi nkhani mazanamazana. Wachinyamata safunika mabokosi. Kabuku ka m'thumba kapena malo olembapo mu foni ndi okwanira, malinga ngati azolowera kulemba nthawi yomweyo funso limene wamva munthu akufunsa mu minibasi, mtengo umene wauona pamsika pamodzi ndi tsiku lake, kapena chiwerengero chimene wawerenga pamodzi ndi kumene wachipeza. Mbali yomalizayi ndi imene ambiri amainyalanyaza, ndipo pambuyo pake amatha ola lathunthu kufunafuna kumene adaona chinthu chimene akadachilemba m'masekondi makumi awiri.

Ikafika nthawi yolemba zenizeni, lamulo ndi lakuti dzanja lisabwerere m'mbuyo. Mphunzitsi wa kalembedwe Peter Elbow adatchukitsa m'buku lake la 1973 chizolowezi cholemba kwa mphindi khumi osaima, osafufuta, osasamala kalembedwe ka mawu, ngakhale zimene zikutuluka zikhale zosalongosoka, ndipo cholinga chake chidali chogonetsa kwa kanthawi woweruza wa m'mutu amene amadzudzula chiganizo chisanathe n'kubadwa komwe. Zolemba zoyambazi, zimene ndi chimango chabe cha nkhani, siziyenera kuonedwa ndi munthu wina aliyense, choncho palibe chifukwa chochitira nazo manyazi. Wolemba akafika pamene akusowa dzina, chaka kapena chiwerengero, asatsegule intaneti. Aike chizindikiro n'kupitirira. Atolankhani olemba Chingerezi amaika zilembo TK pamalo otere chifukwa zilembo ziwirizi sizitsatana kawirikawiri m'chiyankhulocho, ndipo wolemba Chichewa ali ndi mwayi woposa pamenepo, pakuti zilembo Q ndi X sizigwira ntchito m'mawu a Chichewa, kotero kuti akaika XX paliponse pamene pali mpata, kompyuta kapena foni idzamupezera mipata yonse pakamodzi akamaliza. Mipata khumi yodzazidwa nthawi imodzi imatenga nthawi yochepa kwambiri poyerekeza ndi maulendo khumi opita pa intaneti, umene uliwonse umatha kusochera n'kukathera pa mpira kapena pa mikangano ya ndale.

Pa nkhani ya nthawi, palibe chitsanzo choposa cha Anthony Trollope wa ku England, amene adagwira ntchito ku positi ofesi kuyambira m'chaka cha 1834 mpaka 1867, komabe adalemba mabuku a nthano 47. Iye ankakhala patebulo nthawi ya 5:30 m'mawa, ndipo wantchito wake wokalamba ankalandira mapaundi 5 oonjezera pa chaka chifukwa chomudzutsa ndi khofi. Theka la ola loyamba linkathera pa kuwerenga zimene adalemba dzulo lake, kuti khutu ligwirenso kamvekedwe ka nkhaniyo, kenako ankaika wotchi patsogolo pake n'kudzilamula kuti alembe mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse, ndipo maola atatu akatha ankavala n'kupita kuntchito. Akamaliza buku, lotsatira linkatha kuyamba mawa lake lomwelo. Pamene mbiri ya moyo wake, imene adailemba yekha, idatuluka m'chaka cha 1883 iye atamwalira kale, ena mwa ophunzira adanyansidwa kumva kuti mabuku amene ankawakonda adalembedwa ndi wotchi ngati ntchito ya m'fakitale, chifukwa ankakhulupirira kuti mlembi weniweni amadikira mzimu wa luso kuti umutsikire. Maganizo amenewo akadalipo pakati pa achinyamata amene amati sangalembe lero chifukwa mutu sunatseguke, ndipo ndi maganizo okoma kwa munthu amene sadalira kulemba kuti adye. Mabuku a Trollope akuwerengedwabe mpaka pano, ndipo zimenezo zikukwanira kuyankha omunyozawo.

Katswiri wa za maganizo a anthu Robert Boice, amene adatsatira kwa zaka zambiri aphunzitsi a m'mayunivesite a ku America, adapeza zofanana: amene ankalemba kanthawi kochepa tsiku lililonse ankatulutsa masamba ambiri kuposa anzawo amene ankadikira tsiku lopanda ntchito kuti alembe kuyambira m'mawa mpaka usiku. Chifukwa chake n'chakuti nkhani imene munthu waigwira dzulo imakhala ikadali yofunda m'mutu, pamene imene waisiya sabata ziwiri imafuna ola lathunthu kuti ayikumbukire. Akale adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pa ntchito iyi kwawukwawuyo ndi usiku womaliza tsiku lopereka ntchito lisanafike, pamene magetsi nawonso amatha kuzima. Amene zimamuvuta kukhala pansi angayese njira imene Francesco Cirillo adaiyamba ali wophunzira ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, yogwira ntchito imodzi kwa mphindi 25, kupuma mphindi 5, ndipo pambuyo pa zigawo zinayi kupuma kotalikirapo. Manambalawa alibe mphamvu yapadera, ndipo amene waona kuti mphindi 40 zimamuyenera azitsatira zimenezo. Chothandizanso ndi chizolowezi cha Ernest Hemingway chosiya kulemba pamene munthu akudziwa chimene chikubwera kutsogolo, kuti mawa asadzayambe ndi tsamba loyera.

Mdani wamkulu wa mphindi 25 zimenezi ndi foni, ndipo vuto la achinyamata ambiri ndi lakuti chipangizo chimene amalembera ndi chomwecho chimene chimawaitana. Gloria Mark wa payunivesite ya California ku Irvine, pamodzi ndi anzake, adafalitsa m'chaka cha 2005 zimene adaona potsatira anthu ogwira ntchito m'maofesi, kuti munthu akadukizidwa pa ntchito zimamutengera pafupifupi mphindi 25 kuti abwerere ku ntchito imeneyo, chifukwa pakati pake amalowa m'zinthu zina ziwiri kapena zitatu. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp wa gulu la mpingo kapena la maliro a kumudzi ungaoneke wa sekondi zochepa, koma mtengo wake weniweni ndi umenewo. Mankhwala ake ndi kuzimitsa data pa nthawi yolemba, zimene zimapulumutsanso bandulo, ndi kuuza a panyumba kuti pa ola lakutilakuti munthu ali pantchito ngakhale akuoneka kuti wangokhala pampando. Zofufuza zonse zikhale zitasungidwa kale mu foni kapena zitakoperedwa m'kabuku, kuti kulemba kusadalire netiweki, ndipo batire likhale lodzaza nthawiyo isanakwane.

Pali phindu lina pa kudziwa maumbidwe a nkhani amene adayesedwa kale. Atolankhani amagwiritsa ntchito dongosolo loika mfundo yofunika kwambiri m'ndime yoyamba, yoyankha kuti ndani wachita chiyani, kuti, liti ndiponso chifukwa chiyani, kenako mfundo zina zikutsatira molingana ndi kuchepa kwa kufunika kwake, kotero kuti mkonzi angadule kumapeto popanda kuwononga nkhani. Mtolankhani wozolowera salingaliranso za kumene ayambire, ndipo n'chifukwa chake amatha kumaliza nkhani m'theka la ola. Wopanga mavidiyo ophunzitsa naye angakhale ndi chikombole chake, monga vuto, chimene chimaliyambitsa, njira yolithetsera ndi chenjezo. Komabe chikombole chili ndi ngozi yake, pakuti omvera amazindikira msanga munthu amene nkhani zake zonse zimayamba ndi funso lofanana n'kutha ndi pempho lofanana, ndipo amayamba kudumpha asanamve n'komwe. Ndi bwino kukhala ndi maumbidwe atatu kapena anayi n'kumasinthasintha. Kafukufuku mmodzi angathenso kubala zinthu zingapo, monga nkhani ya chimanga ija kukhala vidiyo, uthenga waufupi wa pa Facebook ndi mawu a pawailesi, bola chilichonse chilembedwe mwatsopano molingana ndi khutu kapena diso limene likachilandire.

Ena amayankhula bwino kuposa mmene amalembera, ndipo kwa oterewa pakamwa ndi njira yachidule, chifukwa munthu amayankhula mofulumira katatu kapena kanayi kuposa mmene amasindikizira zilembo pa foni. Mlembi wa ku Russia, Fyodor Dostoevsky, adali pa pangano loopsa ndi wosindikiza mabuku Fyodor Stellovsky lakuti akalephera kupereka buku latsopano pofika pa 1 Novembala 1866, wosindikizayo adzakhala ndi ufulu wosindikiza zolemba zake kwa zaka 9 osamulipira. Mwezi wa Okutobala utayamba buku lisanalembedwe, adalemba ntchito mtsikana wa zaka 20, Anna Snitkina, amene adaphunzira kalembedwe kachidule kotsatira munthu akuyankhula, ndipo m'masiku 26 buku lonena za munthu wotchova juga lidatha, iye akuyankhula masana, mtsikanayo akukopera bwino kunyumba kwake. Anthu amakonda kusimba nkhaniyi ngati chozizwitsa, ndiponso chifukwa awiriwa adakwatirana chaka chotsatira, koma amaiwala kuti ganizo la bukuli Dostoevsky adali nalo kuyambira m'chaka cha 1863, ndipo nyumba za juga za ku Germany ankazidziwa chifukwa adatayako ndalama zake. Masiku 26 adali otulutsa chabe chimene chidakhwima kwa zaka zitatu. Masiku ano mapulogalamu osandutsa mawu oyankhula kukhala zilembo amagwira bwino m'Chingerezi kuposa m'Chichewa, choncho wolemba Chichewa angadzijambule mawu akufotokoza nkhaniyo ngati akuuza mnzake, kenako n'kumvetsera akulemba. Njirayi imathandiza makamaka pa mawu a vidiyo ndi a wailesi, amene ayenera kumveka ngati munthu akuyankhula.

Olemba Chichewa ali ndi zochedwetsa zawozawo zimene mabuku a kunja satchula. Choyamba ndi foni imene imasintha mawu a Chichewa kukhala a Chingerezi munthu asanaone, kotero kuti chiganizo chilichonse chimalembedwa kawiri. Ndi bwino kuzimitsiratu mbali yokonza mawuyo, kapena kusankha kiyibodi imene ili ndi Chinyanja pa ziyankhulo zake, komanso kusunga mawu aatali obwerezedwa kawirikawiri, monga dzina la bungwe kapena malonje otsegulira pulogalamu, pansi pa zilembo ziwiri kapena zitatu zimene foni imazitambasula yokha. Chachiwiri ndi kukayika pa kalembedwe, monga pamene mawu alumikizidwe kapena alekanitsidwe, ndi pamene paikidwe kachizindikiro kosonyeza kuti chilembo chagwa. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi 1990, amayankha zambiri mwa zimenezi, ndipo wolemba amene wadzipangira tsamba limodzi la zisankho zake sabwereranso ku funso limodzimodzi tsiku lililonse. Chachitatu, chimene ndi chachikulu pa zonse, ndi chizolowezi cholemba nkhani m'Chingerezi poyamba kenako n'kuimasulira. Imeneyi ndi ntchito iwiri yolipidwa kamodzi, ndipo chotulukapo chimakhala Chichewa choyenda motsimphina chimene agogo akumudzi amachimva ngati chiyankhulo chachilendo. Chichewa chidalowa pa Google Translate mu Disembala 2014, ndipo chipangizocho chingathandize kukumbutsa liwu limene lathawa, koma ndime yathunthu yochokera mmenemo imafuna kukonzedwa kwambiri moti nthawi imene imaoneka ngati yapulumuka imabwezedwa yonse.

Mapulogalamu otha kulemba okha, amene adafala kwambiri ChatGPT itatulutsidwa mu Novembala 2022, asintha ntchitoyi, ndipo kuwakana konse kungakhale kudzinyenga. Amathandiza kusanja mfundo, kufupikitsa chikalata chachitali, kapena kupereka mitu ingapo yoti munthu asankhepo. Koma mapulogalamuwa amalosera mawu oyenera kutsatira mawu anzake, ndipo amatha kupeka dzina, chaka kapena chiwerengero molimba mtima ngati mmene amanenera zoona. Mu Juni 2023 woweruza wina ku New York adalipiritsa maloya madola 5,000 chifukwa chopereka kukhothi milandu yakale imene sidachitikepo, yopekedwa ndi pulogalamu yotere, ndipo mu Januwale chaka chomwecho ofalitsa nkhani za luso lamakono a CNET adakonza nkhani 41 mwa 77 zimene zidalembedwa mothandizidwa ndi makina. Wachinyamata amene akufuna kuwagwiritsa ntchito awapatse ntchito imene iye angathe kuiweruza ndi maso ake, ndipo pa zokhudza Malawi, monga maina a mafumu, mitengo, malire a maboma ndi malamulo, akayikire chilichonse mpaka atachipeza kwina.

Izi zikutifikitsa pa gawo limene siliyenera kufulumizitsidwa. Nthawi yonse imene yapulumutsidwa pa kukayika, pa kufufuta ndi pa kusochera iyenera kupereka mpata wokwanira wotsimikizira maina, manambala ndi mawu amene munthu wina akuti adanena, chifukwa cholakwa pa zimenezi chimafalikira pa WhatsApp mofulumira kuposa uthenga wochikonza, ndipo m'Malawi muli lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti limene anthu ena adamangidwapo nalo chifukwa cha zimene adafalitsa. Kutenga ndime za munthu wina n'kuziika dzina lako ndi njira inanso yachidule imene lamulo la 2016 loteteza umwini wa zolemba ndi zopeka limaletsa, ndipo pa intaneti wakuba amagwidwa mosavuta. Kukonza kwenikweniko kuchitike pambuyo pa kupuma, ngakhale kwa ola limodzi lokha, ndipo kukhale ndi malire: kuwerenga koyamba n'koona ngati ndime iliyonse ikutumikira chiganizo chija chidalembedwa poyamba ndi kudula zimene sizikutumikira, kwachiwiri n'kodzaza mipata ya XX ndi kutsimikizira mfundo, ndipo kwachitatu n'kowerenga mokweza, pakuti pamene lilime lapunthwa ndi pamene wowerenga adzapunthwenso. Simenon ankati kukonza kwake kudali kudula mawu okometsera amene adaikidwa kuti chiganizo chingooneka chokongola, ndipo kudula kumathamanga kuposa kulembanso. Kuwerenga kwachinayi ndi kwachisanu kawirikawiri kumangosuntha mipumiro.

Chotsala ndi kudziyesa. Trollope ankalemba m'kabuku masamba amene wamaliza tsiku lililonse, ndipo wachinyamata angachite chimodzimodzi kwa mwezi umodzi, akumalemba nthawi imene yathera pa kufufuza, pa kukonza dongosolo, pa kulemba ndi pa kukonza zolakwa. Ambiri akachita zimenezi amapeza kuti mbali imene ankaidandaula si imene imadya nthawi, ndipo amadziwa pamene ayenera kuwongola. Kabukuko kamathandizanso pokambirana ndi opereka ntchito: amene akudziwa kuti nkhani ya masamba awiri imamutengera maola anayi kuyambira pa kufufuza mpaka pa kuwerenga komaliza, akauzidwa Lolemba kuti abweretse nkhani zisanu ndi zitatu pofika Lachitatu, amatha kuwerengera pomwepo kuti angavomere zinayi kapena zisanu, ndiponso amadziwa mtengo umene ayenera kutchula pa iliyonse.